Musamanene Kuti Simutuluka Bwino pa Chithunzi

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire, chifukwa sindinabwere ndi nkhani ya chikondi kapena ya ndale. Ndabwera ndi nkhani ya kamera.

Musanapitirize, tatengani kaye chithunzi chilichonse cha ukwati chimene chili m'nyumba mwanumo, kaya cha mu alubamu ya amayi, kaya chopachika pakhoma, kaya cha mu foni. Chikhale chojambulidwa m'nyumba kapena madzulo. Tachiyang'anitsitsani. Ndikhulupirira ambiri mwapeza chimodzi mwa ziwiri izi. Mwina diresi la mkwatibwi latuluka bwinobwino, timikanda tonse tikuoneka, koma nkhope yake ndi mdima wokhawokha, mukungoona mano ndi maso. Kapena nkhope ikuoneka ndithu, koma pamphumi ndi m'masaya mwayera mbee ngati wadzola ufa, ndipo kukhoma kumbuyo kwake kwaima chimthunzi chakuda bii ngati kwabisala munthu wina.

Ena akaona zotere amati kameramani anali wachabechabe, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma ena, makamaka amayi ndi atsikana, amangoti, "Aaa, ine ndiye sindituluka bwino pa chithunzi, ndinada kwambiri." Mawu amenewa ndawamva kuchokera pa Dyeratu mpaka ku Marka, m'zaka zimene ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe m'chigwa cha Shire, ndipo sindinawazolowere. Munthu akudziimba mlandu pa chinthu chimene alakwitsa ndi makina, ndi mwini makinawo. Ndiye lero ndikufuna mudziwe zimene zimachitika m'kabokosi kaja fulashi ikang'anima, kuti nanunso muzidziwa woyenera kumufunsa.

Tiyambire pa liwu lenilenilo. Azungu dzina la foto analitenga ku Chigiriki, ndipo limatanthauza kulemba ndi kuwala. Makolo athu atachiona chinthucho anachitcha chithunzi, dzina lapachibale ndi mthunzi. Kwa ine iwowa ndi amene analasa. Nkhope ya munthu timaidziwa ndi timithunzi take: kapansi pa mphuno, kam'mbali mwa tsaya, kapansi pa mlomo, timakwinya ta agogo m'mbali mwa maso. Mukachotsa timeneti mwatsala ndi mbale yokhala ndi maso awiri. Ndipo fulashi ya pamwamba pa kamera imachita zomwezo. Ili pafupi kwambiri ndi diso la kamera, ndiye kuwala kumapita molunjika n'kubwerera molunjika, timithunzi tonse ta pankhope n'kufa. Mthunzi wotsala ndi uja waponyedwa kukhoma.

Kenako pali nkhani ya kunyezimira. Khungu limabweza kuwala m'njira ziwiri: pali kuwala kumene kumaonetsa mtundu wa khungulo, ndiye pali kwina kongothwanima pamwamba ngati pa galasi. Pa khungu loyera kuthwanimako sikusiyana kwenikweni ndi khungu lenilenilo, ndiye sikuoneka kwambiri. Pa khungu lathu lakuda kusiyanako ndi kwakukulu. Tsono onjezerani nyengo ya kuno. Amene munafikako ku Ngabu kapena ku Nchalo mu Okutobala kapena Novembala mukudziwa zimene ndikunena, kutentha kopitirira madigiri 40, ndipo nthawi imeneyo maukwati ali m'kati. Mkwati ali mu suti ndi tayi, mkwatibwi wadzola mafuta ndi zina zonse, holo ndi ya malata. Pofika nthawi ya perekaniperekani nkhope iliyonse yasanduka kalilole. Mukaloza kalilole ndi nyali yaing'ono ngati bokosi la machesi koma yamphamvu, chimene mupeze ndi kadontho koyera kothobwa m'maso. Mukaloza ndi kuwala kotambalala, ngati kumene kumalowa pakhonde dzuwa litabisala m'mitambo, kunyezimirako kumafalikira mofatsa pamphumi ndi patsaya, ndipo n'kumene kumapangitsa khungu lakuda kukongola pa chithunzi. Ntchito ya diffuser ndi imeneyi basi, kusandutsa nyali yaing'ono kuti ikhale yaikulu. Ena ali ndi kachipewa koyera ka pulasitiki kovala pamutu pa fulashi, ena kabokosi ka nsalu, ena ambulera yoyera. Ndibwerako.

Mdani wachiwiri ali m'kati mwa kamera momwemo. Kamera sidziwa kuti ikuyang'ana munthu. Inapangidwa kuti iziganiza kuti dziko lonse, mukalisakaniza, ndi lotuwa ngati phulusa, mtundu umene umabweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Mukaisiya pa Auto, kapena fulashi mukaiika pa TTL, imayamba yatumiza kakung'anima kakang'ono koyesera, n'kuwerengera kuti zonse zituluke zotuwa chomwecho. Ndiye taganizani diresi loyera ladzaza theka la chithunzi. Kamera imati, "Eee, kuno kwawala kwambiri," n'kuchepetsa mphamvu. Diresi latuluka, nkhope yamira. Mukatembenukira kwa azibambo a masuti akuda ataima panja usiku, kamera imati kwada kwambiri, n'kukhuthula mphamvu yonse. Masuti atuwa, mphumi zapsa. Palibe ufiti apa, ndi masamu chabe.

Koma masamuwo anawaika ndi anthu, ndipo anthuwo sankaganiza za ife. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, kuti aziyezera mitundu pa makina awo. Makadiwo ankatchedwa Shirley, dzina la mayi woyamba kujambulidwapo. Khungu lake ndilo linali muyeso wa chithunzi chabwino. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Concordia ku Canada, Lorna Roth, analemba mu 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kukonza filimu yake kuti izionetsa bwino mitundu yoderapo anali opanga chokoleti ndi ogulitsa mipando yamatabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakusiyanitsika pa zithunzi zotsatsira malonda. Mwamva? Chokoleti ndi mipando. Khadi lokhala ndi akazi a mitundu yosiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. Ku South Africa nthawi ya tsankho, zithunzi za m'mapasi a anthu akuda zinkajambulidwanso ndi makamera a Polaroid, ndipo kamera yawo ya ID-2 inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi. Mu 1970 antchito awiri akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anaulula za malondawo n'kuyambitsa zionetsero, ndipo mu 1977 Polaroid inachoka m'dzikolo. Ndiye onani, pamene boma linkafuna kuti nkhope ya munthu wakuda izindikirike kwa wapolisi, njira inapezeka msanga. Masiku ano zinthu zasinthako. Mafoni a Tecno ndi itel amene adzaza m'misika yathu anatchuka mwa zina chifukwa opanga ake anakonza kamera kuti izigwira bwino khungu lakuda, ndipo Google inachitanso zofanana mu 2021. Komabe Canon kapena Nikon yakale imene mnyamata wagula pa kaunjika wa zamagetsi ku Limbe ikuganizabe za phulusa lija.

Tsopano tibwerere ku diffuser, chifukwa apa ndi pamene anyamata ambiri oyamba kumene amagwa. Amamva kuti diffuser imakongoletsa, amagula, amaveka fulashi, n'kupitiriza kujambula ndi manambala omwe aja. Zithunzi n'kutuluka zakuda kuposa kale. Chimene sanauzidwe n'chakuti diffuser imadya. Kuwala kumene kunkapita kutsogolo kokha tsopano kwamwazikira kumwamba, m'mbali, kwina kwatsalira mu pulasitiki momwemo. Ojambula timayeza kuwala ndi masitopu: sitopu imodzi kutsika ndiye kuti kuwala kwatsala theka, masitopu awiri ndiye kuti kwatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Diffuser zambiri zimadya sitopu imodzi mpaka awiri. Ndi ngongole imeneyo, ndipo ukapanda kuibweza wekha, amailipira ndi mkwatibwi.

Ndikupatseni masamu ake, musathawe, ndi a Sitandade 5. Fulashi iliyonse ili ndi nambala ya mphamvu yake imene timati guide number. Mukatenga nambalayo n'kuigawa ndi nambala ya aperture, kaboo kolowera kuwala ka mu lenzi, mupeza mamita amene fulashiyo ingafike. Tinene kuti yanu ili ndi 32 pa ISO 100. Pa f/8 ifika mamita 4. Mwaveka diffuser yodya masitopu awiri, 32 uja watsika kufika 16, ndiye pa f/8 pomwepo ikufika mamita 2 okha. Munthu amene waima pa mamita 4 akulandira gawo limodzi mwa anayi a kuwala kumene amafunika. Njira zobwezera ngongoleyi zilipo zitatu ndipo mumasankha malinga ndi malo: kuyandikira, kutsegula kaboo kuchoka pa f/8 kufika f/4, kapena kukweza ISO kuchoka pa 100 kufika 400, zimene zimabwezera 16 uja pa 32. Kumbukirani kuti nambala ya aperture ikachepa ndiye kuti kaboo kakula, zinangopangidwa chozondoka choncho. Ndipo musakhulupirire nambala yolembedwa pa katoni. Ma Yongnuo ndi ma Godox amene ambirife tili nawo amalemba 58 kapena 60, koma imeneyo ndi ya pamene kuwala kwafinyidwira patali. Mukatambasula kuti mugwire anthu angapo, imatsikira cha m'ma 30. Kafulashi kotumphuka pamutu pa kamera kaja kali ndi 12 kapena 13 basi. Ukakaveka diffuser kameneko n'kuima mamita 5, ndiye kuti ukungoseweretsa anthu.

Mwina mwaona kuti pa njira zitatuzo sindinatchule shutter, chikope cha kamera chimene chimatseguka n'kutsekeka. Ndachitira dala. Taganizani chipinda chimene mukufuna mulowe madzi. Kuwala kwa mababu a mu holo kuli ngati mpopi wongodontha, ukasiya chitseko chotsegula nthawi yaitali madzi amachuluka. Kuwala kwa fulashi kuli ngati ndowa yokhuthulidwa kamodzi, phwaa, m'kanthawi kochepa kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kaya chitseko mwachisiya kwa 1/200 kaya kwa 1/30, ndowa ndi yomweyo. Choncho shutter sikhudza nkhope yowalitsidwa ndi fulashi, imakhudza kumbuyo: makoma, zokongoletsa, anthu ovina chapatali. Mukaona chithunzi chimene mkwati ndi mkwatibwi ali okhaokha mumdima ngati ukwati wawo kunalibe anthu, dziwani kuti wojambula anasiya shutter yothamanga ndi ISO yotsika. Chenjezo limodzi: makamera ambiri salola kupitirira 1/200 kapena 1/250 ndi fulashi. Mukakakamiza, mbali ina ya chithunzi imadulidwa ndi mzere wakuda.

Ine ndikalowa mu holo madzulo ndimayambira apa: kamera pa M, shutter 1/60, aperture f/5.6, ISO 800. Ndisanayatse n'komwe fulashi ndimajambula kamodzi kuti ndione ngati holoyo ikuoneka mwa yokha, modera pang'ono koma yooneka. Kenako fulashi yovala diffuser, pa mphamvu ya 1/8 kapena 1/4 ndikaima pa mamita atatu. Ndikagwiritsa ntchito TTL chifukwa anthu akuyendayenda, ndimaiuza zochita: diresi loyera likadzaza ndimawonjezera +2/3 kapena +1, masuti akuda akachuluka ndimachotsa chimodzimodzi. Manambalawa si Malamulo Khumi ayi, ndi poyambira. Chimene sindisintha ndi choyezera: ndimakulitsa chithunzi pa sikirini n'kuyang'ana tsaya la munthu wakuda kwambiri pagululo, osati diresi. Sikirini usiku imanama, imaonetsa zonse ngati zawala. Yatsani chenjezo lija limaphethiraphethira pamalo popsa. Likaphethira pa kachigawo ka velo, zilibe kanthu. Likaphethira pamphumi, chepetsani.

Chaka cha 2022 chinatiphunzitsa zambiri pa nkhani ya shutter. Mu Januwale namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo inu nonse mukukumbukira mdima umene unatsatira kwa nthawi yopitirira chaka. Madyerero ambiri ankachitika ndi kajenereta kokoka zokuzira mawu ndi mababu awiri. Mpopi uja unali utatsala pang'ono kuuma. Pamenepo tinkatsika mpaka 1/30, ISO 1600, n'kudalira kuti kung'anima kwa fulashi kuimitsa nkhope pamene kumbuyo kukugwedera pang'ono. Zina mwa zithunzi za magule zimene ndimazikonda kwambiri ndi za nthawi imeneyo, amayi akuvina utse, nkhope zili ngwee, zitenje zikuoneka ngati zikuuluka.

Mukatsegula YouTube, mzungu aliyense wophunzitsa adzakuuzani kuti lozani fulashi kudenga, kuwala kugunde siling'i yoyera n'kutsika mofewa. Malangizo abwino, kwa amene ali ndi siling'i. Kuno matchalitchi ndi maholo ambiri ndi malata okhaokha, okwera, ena adzimbiri, ndipo malata atsopano amabweza kuwala ngati galasi, mosalongosoka. M'nyumba ya udzu denga lada ndi mwaye, limameza zonse osabweza kanthu. Pansi pa tenti ya buluu, mukaloza kumwamba anthu onse amatuluka ngati odwala, chifukwa kuwala kumatenga mtundu wa chimene kwagunda. Khoma la tchalitchi lopakidwa penti wobiriwira, chimodzimodzi. Kachipewa kapulasitiki kaja nakonso, ndinene mosabisa, kamatamandidwa mopitirira. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi mutu wa fulashi, ndiye pakokha sikafewetsa kwenikweni. Kamagwira ntchito pomwaza kuwala kuti makoma oyera akubweze. Panja usiku, pansi pa mtengo wa nimu, palibe khoma, ndiye kakungotaya mabatire anu kumwamba kwa nyenyezi. Ndimaona anyamata pa zinkhoswe za panja atakaveka monyadira, ndipo ndimamva chisoni ndi ma AA anayi amene ali m'katimo.

Chimene chimagwira kuno ndi kunyamula siling'i yako. Pepala lolimba loyera, lalikulu ngati kope la kusukulu kapena kuposa, lomangidwa kumbuyo kwa mutu wa fulashi ndi mphira ya chubu cha njinga, fulashi italoza kumwamba, pepalalo litapindikira kutsogolo pang'ono. Mphira ya chubu kuno sisowa, dera la kabaza lino. Ena amadula chigubu choyera, ndipo chimagwira, koma chikhale choyera, osati zachikasu za mafuta ophikira zija, pokhapokha mukufuna banja lonse lituluke ngati mapapaya. Amene ali ndi kandalama, ambulera yoyera ndi fulashi yochotsedwa pa kamera, mwana wa mlongo wanu ataigwira chakumbali ndi chakumwamba pang'ono, palibe chimene chimaposa pamenepo. Timithunzi tija timabwerera, mphuno imakhala mphuno. Lamulo lake ndi lakuti diffuser ikhale yaikulu ndiponso pafupi. Ambulera ili mamita 10 yasandukanso kanyali kakang'ono.

Chithunzi cha banja lonse ndiye mayeso aakulu. Kuwala kumafooka mofulumira kuposa mmene timaganizira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Mzere wakutsogolo uli mamita 2, wakumbuyo mamita 4, ndiye kuti ana okhala pansi apsa, amalume oima kumbuyo amira. Bwererani m'mbuyo. Wakutsogolo akakhala mamita 6 ndipo wakumbuyo mamita 8, akumbuyo amalandira kupitirira pang'ono theka la zimene akutsogolo alandira, ndipo zimenezo kamera imapirira. Koma pa mamita 8 diffuser ivuleni, kwezani ISO, chifukwa mukufuna dontho lililonse. Ndipo ngati mwambo ukulola, sunthani anthu: oyererapo ndi ovala zoyera chakumbuyo, oderapo chakutsogolo. Ndikuti ngati ukulola, chifukwa ankhoswe ndi amfumu sungawauze kuti, "Inu pitani kumbuyo," ungathamangitsidwe pamudzi. Pamenepo umangokwera pampando kuti mizere iyandikane ndi fulashi mofananako.

Mwina mukuti, zonsezi chifukwa cha chithunzi chokha? Inu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene mumajambulidwa kakhumi pa tsiku mutha kutero. Kuno madzi amatenga zinthu. Mu Januwale 2015 kusefukira kwa madzi kunasamutsa anthu oposa 200,000 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndi amene anavutika koposa. Kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000. Munthu akamathawira pachulu kapena mumtengo sanyamula alubamu. Madzi akaphwa, anthu amayamba kufunafuna ife ojambula, ngati tinasunga kanthu.

Patapita miyezi ingapo Freddy atadutsa, kunabwera bambo wina wachikulire wochokera kutsidya, cha ku Makhanga. Anawoloka pa bwato, kenako kabaza. Anakhala pansi, tinapatsana moni, n'kunena kuti, "Mwananga, unajambula chinkhoswe cha mwana wanga zaka zapitazo. Amayi ake analipo. M'nyumba simunatsale chilichonse chawo." Tinafufuza mu kompyuta mpaka tinapeza. Mayiwo sanali pakati pa chithunzi ayi, anali chakumbali, mzere wachiwiri, pakati pa amayi anzawo ovala zitenje zofanana. Ndinadula kachigawo kameneko n'kukakulitsa. Kanapirira, chifukwa tsaya linali ndi kuwala kokwanira ndipo mphumi sinapse. Kachipsera kapachibwano kanaoneka. Bambowo anayang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Ndi iwowa." Anapempha ziwiri, china cha mwana wawo amene ali ku Joni.

Ena amabwera ndi zithunzi zimene anatumiziridwa pa WhatsApp ndi achibale, n'kupempha kuti ndizikonze. Apa ndi pamene kusiyana kwa zolakwika ziwiri zija kumaonekera. Nkhope yomira mumdima nthawi zina imadzuka pa kompyuta, ngakhale imadzuka ndi timadontho ngati mchenga. Koma pamene fulashi inapsereza, payera mbee, palibe chimene chinalembedwapo. Ungatembenuze bwanji, mulibe khungu, mulibe khwinya. Ndipo mapulogalamu amakono amene amati amakonza nkhope amangopeka ina yosalala, ya munthu amene sanakhaleko. Mwana amaiyang'ana n'kunena kuti amenewa si amayi.

Pali chinanso chimene chimandinyansa, ndichinene pompano. Nthawi ya misasa, ku Bangula ndi kwina, kumabwera alendo ndi makamera odula kuposa nyumba yanga, kudzajambula anthu akulandira thandizo dzuwa lili paliwombo. Taonani zithunzi zimene zimatuluka. Thumba loyera la ufa lawala bwino, chizindikiro cha bungwe chikuwerengeka chilembo chilichonse, koma mayi wolisenza nkhope yake ili mumdima wa thumbalo. Kamera yayezera thumba. Sindikunena kuti amachitira dala, koma fulashi pang'ono chabe ikanadzutsa nkhopeyo, ndipo munthu amene ali ndi kamera yotero amadziwa zimenezi. Kamera inafika kale m'chigwa chino. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa David Livingstone umene unakwera Shire mu 1859, ankajambula pa mapepala opakidwa phula, ndipo zambiri mwa zithunzi zake ndi mitengo, nyumba ndi maboti, poti chithunzi chimodzi chinkafuna kuti chinthu chiime chilili nthawi yaitali. Iye anali ndi chifukwa chomveka. Wa lero amene ali ndi 1/200 m'manja alibe.

Inde, fulashi imafunikanso masana, ndipo ambiri amadabwa akandiona nditayatsa dzuwa likuswa mtengo. Dzuwa la paliwombo limaika maenje akuda m'maso ndi pansi pa chipewa. Pamenepo ndi ISO 100, shutter 1/200, aperture cha pa f/11, ndipo diffuser ikhale m'chikwama, chifukwa polimbana ndi dzuwa la ku Nsanje fulashi imafuna mphamvu zake zonse, ndipo ngakhale itero sifika kupitirira mamita atatu. Chanzeru ndi kuwapempha anthu kuti alowe pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi wogwirana osati wa mawangamawanga. Pamenepo f/5.6, diffuser ibwerere, fulashi ichepetsedwe ndi sitopu imodzi kuti ingodzutsa maso, munthu asadziwe n'komwe kuti inayaka. Samalaninso kutentha kwa fulashiyo. Ukaiwombetsa pa mphamvu yonse motsatizana mu Novembala imatentha n'kudzitsekera yokha, ndipo imasankha nthawi imene apongozi akuponya ndalama. N'chifukwa china ndimakonda ISO 800 ndi mphamvu ya 1/8: imadzaza msanga, mabatire amafika kumapeto.

Kwa inu a mafoni, kanyali ka foni n'kakang'ono kuposa njere ya chimanga ndipo kali pafupi ndi diso la kamera kuposa fulashi ina iliyonse, ndiye kamachita zoipa zonse ndatchulazi. Kazimitseni. Muimikeni munthu moyang'ana pakhomo kapena pawindo, gwirani nkhope yake pa sikirini kuti foni iyezere pamenepo, n'kukweza kadzuwa kaja pang'ono. Ukakhala usiku, mnzanu ayatse tochi ya foni yake n'kuloza pa nsalu yoyera kapena pa khoma loyera pafupi ndi munthuyo, osati m'maso mwake.

Ndipo inu amene mukukonzekera ukwati chaka chino, mukamakambirana ndi kameramani musamangofunsa kuti kamera yake ndi ya mtundu wanji. Mupempheni akuonetseni zithunzi za mu holo madzulo, osati za ku maluwa zokha, ndipo muyang'ane munthu wakuda kwambiri pa chithunzicho ngati mungamuzindikire mutakumana naye pamsika. Tsikulo likafika, mwambo usanayambe, akujambuleni kamodzi inu ndi diresi lanu, akulitse nkhope pa sikirini muione nokha. Wodziwa ntchito sakana, zimatenga mphindi imodzi. Ndipo wogwirizira mkwatibwi asunge kampango kouma m'manja, azigunditsa pamphumi ndi pamphuno, osapukuta ayi, kungogunditsa, nthawi iliyonse akaona kameramani akukweza kamera.